Kakampani kathu ka ngongole kuno ku Chipata ndi zaka zimene kanatipatsa dividendi komanso zimene kanatimana

Ndili ndi tumasheya mu kakampani kena kobwereketsa ndalama kuno ku Chipata, dzina sinditchula chifukwa ndi kakang'ono kwambiri, tonse timadziwana ndipo ndikakatchula mawa lomwe a cheya andiimitsa pa Down Shops kundifunsa kuti mwana iwe walemba chani pa intaneti. Kali ndi ofesi imodzi mtauni muno ndi ka bulanchi kena cha ku Katete uko, basi. Sikali pa LuSE, msika wa masheya wa ku Lusaka uja, ayi, masheya ake sungawaone pa foni kuti lero akwera kapena atsika. Koma mbiri ya dividendi yake, gawo la phindu limene kampani imagawira eni masheya, ukaitsata bwinobwino chaka ndi chaka umaona mbiri ya chuma cha Zambia yense, ndiye nchifukwa chake ndati ndiilembe.

Amene anakayamba ndi madala, ena anali aziphunzitsi opuma, ena alangizi a zaulimi, ena anagwirapo ntchito ku makopaletivi nthawi ya Kaunda. Achinyamata a lomba sadziwa kuti kale mlimi wa ku Chadiza kapena ku Lundazi sankavutika kuganiza kuti feteleza ndiitenga kuti, kunali Lima Bank, kunali CUSA, kunali Co-operative Bank, onsewa obwereketsa alimi, ndipo kuno kwathu Eastern Co-operative Union ndiyo inali yogula chimanga ndi nshawa. Boma la Chiluba litalowa mu 1991 nkumasula msika zonsezi zinayamba kugwa chimodzichimodzi, pofika kumapeto kwa zaka za m'ma 1990 zambiri zinali zitapita, ndipo mu 1995 banki ya Meridien nayo inagwa ndi ndalama za anthu. Madala athu aja anaona zonsezo ndi maso awo, ena ndalama zawo zinathera momwemo. Ndiye atayamba kusonkherana sanayambe ngati kampani ayi, chinali ngati chilimba chabe cha anthu odziwana, mwezi uno watenga uyu mwezi wamawa uyu, kenako anaona kuti pali aziphunzitsi ndi manesi ambiri amene akuthera kwa akaloba, munthu wakongola 500 mwezi ukatha abweze 750 ndipo khadi ya ku banki wasiya kwa mwini kaloba. Apo mpamene anati tiyeni tilembetse kampani, aliyense agule masheya, tizibwereketsa ndi chiwongola dzanja chochepako.

Mu 2006 kunabwera malamulo a makampani a microfinance ndipo Bank of Zambia inayamba kufuna kuti aliyense wochita bizinesi imeneyi akhale ndi laisensi, mpamba wooneka, maodita ofufuza mabuku a ndalama, malipoti. Madala ena anakwiya ati ife tinayamba tokha pansi pa mtengo wa mango lero boma likufuna kutiwerengera, koma ine ndikaona lomba ndimati lamulo lija ndi limene linapulumutsa kakampani aka, chifukwa popanda maodita mabuku akanakhala m'chikwama cha munthu mmodzi mpaka lero. Amalume anga anali mmodzi wa oyambitsa ndipo ndi iwo anandigulitsako pang'ono masheya awo nditangoyamba ntchito, anati mphwanga ndalama ya mowa uziikako kuno.

Manje ndifotokoze kaye mmene dividendi imabwerera chifukwa pa gulu lathu la WhatsApp la eni masheya ndimaona anthu akusokoneza ndi vileji banki. Ku vileji banki mumasonkha, mumabwereketsana nokhanokha, Disembala ikafika mumagawana zonse, mpamba ndi chiwongola dzanja chomwe, bokosi nkukhala pululu, Januwale muyambiranso. Kampani siingachite zimenezo. Ndalama zikalowa kuchokera kwa okongola, choyamba amalipira antchito, lendi ya ofesi, mafuta a njinga zamoto za amene amatsata okongola kumidzi, kenako chiwongola dzanja cha ndalama zimene kampaniyo nayo inakongola ku mabanki akuluakulu, chifukwa musaganize kuti ndalama zonse zobwereketsa ndi za eni masheya ayi, zambiri ndi zokongola. Kenako amapatula ndalama ya ngongole zimene zikuoneka kuti sizibwera. Zikatsalapo ndiye phindu, ZRA itengepo msonkho wake, umene unali 35 peresenti kwa zaka zambiri mpaka unatsika kufika 30 mu 2022. Zotsalazo bodi ikhale pansi ione kuti mpamba umene Bank of Zambia imafuna ulipo wokwanira kapena ayi, ndipo kodi chaka chamawa tibwereketsa ndi chani. Zikatsalanso apo, ndiye bodi imanena kuti tikupempha kuti sheya iliyonse ilandire mangwee akuti, ife nkukavomereza pa AGM, msonkhano wa pachaka wa eni masheya. Mwini masheya ndi munthu amene amadikira onse adye nsima kuti iye akombe makoko a mumphika, tsiku lina makoko amakhala ambiri tsiku lina mphika umabwera wotsukatsuka. Ndipo lamulo la makampani silola kugawa dividendi kuchokera pa mpamba, iyenera kuchoka pa phindu basi, olo mutakuwa bwanji pa AGM.

Pa ka ndalama kameneko amadulaponso msonkho wa 15 peresenti usanakalandire. Tiyerekeze munthu ali ndi masheya 10,000 ndipo alengeza mangwee 20 pa sheya, ndi K2,000, achotse K300, m'thumba mulowa K1,700. Anthu amaiona meseji nkuyamba kuimbira ku ofesi ati mwandibera 300, pamene ndi msonkho chabe.

Zaka zoyambirira zimene ine ndinalowa, cha m'ma 2010 mpaka 2012, zinali zokoma. Kopa inali pamtengo wabwino, kwacha inali itakhazikika cha pa 5,000 ku dola imodzi, mitengo ya zinthu siinkathamanga, ndipo kakampani kathu kankagawa chaka chilichonse osaphonya. Ankalemba macheke, umapita wekha kukasaina m'buku lalikulu, madala ochokera ku Vubwi ndi ku Chadiza ankabwera atavala majekete ngati akupita ku ukwati, akalandira cheke nkupita kukaima pa mzere ku banki, madzulo nkugula feteleza. Kunena zoona zaka zimenezo ndi zimene zinatiwononga maganizo, tinayamba kuona dividendi ngati malipiro a mwezi, chinthu chimene chiyenera kubwera basi.

2013 inabwera ndi zinthu ziwiri. Choyamba pa 1 Januwale kwacha inachotsedwa maziro atatu, ndiye mdala amene chaka chatha analandira cheke ya mamiliyoni awiri chaka chino akuona 2,000, pa AGM ija panali phokoso ndithu, a manijala anachita kutulutsa ndalama zakale ndi zatsopano kuika pa tebulo kuti anthu amvetse. Imeneyo inali nkhani yoseketsa chabe. Yoopsa inali yachiwiri, Bank of Zambia inaika malire a chiwongola dzanja, makampani a microfinance osapitirira 42 peresenti pa chaka. Kwa munthu wokongola zinali zabwino ndipo ine sindingatsutse, panali makampani ena amene ankadya anthu moipa. Koma kwa kakampani kamene kamatuma munthu pa njinga yamoto makilomita ambirimbiri kukatenga K200 kwa mlimi wa ku Chipangali, 42 ija siinkakwana, ndiye anasiya kubwereketsa alimi ang'onoang'ono ambiri nkuthamangira kwa anthu a peyi silipi amene ndalama imadulidwa isanafike m'manja. Dividendi inatsika koma inabwerabe. Chimene sitinaone nthawi imeneyo nchakuti kampani yasintha mtima wake, yachoka kwa alimi ndi amayi a pa Kapata yapita kwa ogwira ntchito m'boma, ndipo zimenezi zinadzatipweteka patsogolo.

2015 aliyense akuikumbukira. Kopa inagwa, ku Kariba madzi anachepa, magetsi ankazima maola asanu ndi atatu pa tsiku, kwacha inayamba chaka ili cha pa 6 ku dola nkufika kupitirira 12 chaka chisanathe. Mu Novembala Bank of Zambia inakweza chiwongola dzanja chake kufika 15.5 peresenti nkuchotsa malire aja. Ndalama zimene kampani yathu inkakongola ku mabanki zinadula nthawi imodzi, pamene ngongole zimene inali itapereka kale zinali pa mtengo wakale. Chaka chimenecho ndi choyamba kutiuza kuti palibe dividendi. Sindidzaiwala nkhope za madala, amalume anaimirira nkunena kuti a cheya, ife tinayamba kampani iyi kuti itisunge pa ukalamba, manje mukuti tidye malipoti? A cheya anangoti pepani akuluakulu, tikagawa chaka chino chaka chamawa kulibe kampani. Nthawi ija ndinali kumbali ya amalume ndi mtima wonse, koma masamu a a cheya anali oona.

Zaka ziwiri zotsatira kanabwererako, kankagawa pang'ono, ndipo macheke anasiya anayamba kutumiza ku akaunti. Palibe zambiri zonena apo.

Kuyambira 2018 mpamene zinthu zinalimba kwa nthawi yaitali. Maodita anabwera ndi lamulo latsopano la kawerengedwe lotchedwa IFRS 9, limene limati usadikire munthu alephere kubweza kuti upatule ndalama, uzipatuliratu tsiku lomwe wabwereketsa malinga ndi mmene ukuonera kuti ena adzalephera. Phindu la papepala linachepa pompo. Ndiye panabweranso vuto lija la peyi silipi, mphunzitsi wadulidwa ndalama pa malipiro ake mwezi ndi mwezi, iye akudziwa kuti akubweza, koma ndalamayo ikuchedwa miyezi kufika kwa wobwereketsa, nkhani imeneyi inali m'manyuzi ndipo siinagwere ife tokha. M'mabuku kampani ikuoneka kuti ili ndi phindu koma mu akaunti mulibe kanthu, ndipo dividendi sungailipire ndi ndalama imene uli kuidikira. Apa mpamene ndinamvetsa kuti phindu ndi ndalama ya m'manja ndi zinthu ziwiri zosiyana, ndipo lomba lipoti likabwera tsamba loyamba limene ndimatsegula ndi la kayendedwe ka ndalama zenizeni, la phindu ndimaliona pambuyo.

2020 korona, amayi amene amaoloka pa Mwami kukagula zitenje ndi kaunjika anakhala pansi, malo a mowa ndi malojing'i anatsekedwa, mu Novembala dziko lenileni linalephera kulipira ngongole yake ya kunja ya Eurobond, 2021 mitengo ya zinthu inakwera kupitirira 24 peresenti pa chaka. Zaka zimenezo sitinalandire kalikonse ndipo palibe amene anadabwa. Chimene chinandiwawa ine ndi china, m'lipoti momwemo mmene analemba kuti palibe dividendi munali mzere woonetsa kuti ma alawansi a bodi akwera. Sizinali ndalama zambiri zoti zikanasintha kanthu zikanagawidwa kwa tonse, ndinawerengera ndekha, aliyense akanalandira ya thiransipoti chabe, koma zimaonetsa mtima. Ngati mukuuza nkhalamba ya zaka 80 kuti imange lamba, inunso mangani wanu. Tinalankhula pa AGM ya pa Zoom imene theka la madala sanathe nkulowa komwe chifukwa cha netiweki, ndipo chaka chotsatira anawatsitsa.

Apa ndipatukeko pang'ono, chifukwa pali achimwene ena pa gulu lathu amene nthawi zonse amati mukanagula masheya a pa LuSE simukanalira. Mbali ina akunena zoona. LuSE inatsegulidwa mu 1994 ndipo kumeneko kampani imakakamizidwa kutulutsa malipoti poyera, ukafuna kugulitsa umauza buloka nkugulitsa. Zanaco mwachitsanzo, inayamba mu 1969 ngati banki ya boma, mu 2007 Rabobank ya ku Netherlands inagula 49 peresenti, mu 2008 inalowa pa LuSE ndipo anthu wamba ambiri anagulako, imeneyo ndi banki yaikulu ya mabulanchi dziko lonse, siungaifanizire ndi ka ofesi kathu. Koma kukhala pa LuSE pakokha si chitetezo. Investrust Bank inali pa LuSE kuyambira 2007, mwini wake wamkulu anali ZCCM-IH, kampani ya boma ija ya masheya a m'migodi, koma mu Epulo 2024 Bank of Zambia inailanda chifukwa ngongole zake zinaposa katundu wake, ndipo zikatero oyamba kuganiziridwa ndi osunga ndalama, eni masheya ali kumapeto kwenikweni kwa mzere. Madison Financial Services inalowa pa LuSE mu 2014, kampani ya mbiri yaitali kuchokera ku inshuwalansi ya m'ma 1990, koma mu 2020 SEC, bungwe loyang'anira msika wa masheya, inatenga ulamuliro wa nthambi yake yosunga ndalama za anthu, Madison Asset Management. Ndiye kampani ya zandalama, ikhale ya ku Cairo Road ikhale ya kuseri kwa Saturday Market, imagwira ntchito ndi ndalama za eni ake ena ndipo zikavuta eni masheya ndi amene amayamba kumva kuwawa.

Tibwerere kwathu. 2022 ndi 2023 kanagawa, pang'ono koma kanagawa, ndipo nthawi ino zinabwera pa mobile money, amalume anachita kundiitana kuti ndiwaonere ngati meseji ili yoona kapena ndi anyamata akuba aja. Bodi inali itaphunzirapo kanthu, inabwereranso kwa alimi a soya ndi nshawa ndi mpendadzuwa kuti isadalire peyi silipi yokha. Ndiye taonani tsoka, atangobwerera kwa alimi 2024 chilala, pa 29 Febuluwale a Pulezidenti Hichilema analengeza kuti ndi tsoka la dziko lonse, maboma 84 mwa 116 anakhudzidwa, chimanga chinauma chili ndi ngayaye, magetsi ndiye osanena, wa saluni ndi wowotcherera zitseko amene anakongola kuti agule makina anangokhala kuyang'ana makinawo. Palibe dividendi. Ena pa gulu anati bodi inalakwa kubwerera kwa alimi, ine ndikuti ayi, kampani ya ku Eastern Province imene siibwereketsa mlimi ndi kampani ya chani, ndipo mvula palibe bodi imene ingaivotere.

Ukaziika pamodzi zaka zonsezi, zimene tinalandira ndi zimene tinamanidwa zimangotsala pang'ono kufanana. Ndipo ndikhale wachilungamo, munthu amene anaika ndalama yomweyo mu mabondi a boma, amene zaka zina ankapereka kupitirira 20 peresenti, analandira zambiri kuposa ine ndipo sanapite ku AGM iliyonse. Amene amati masheya a kakampani ngati aka ndi njira yolemerera akunama. Chimene ndimayang'ana ine ndi chakuti kampani ilipobe, siinagawepo ndalama imene ilibe, ndipo mpamba wake wakula. Ndimaopa kwambiri kampani imene imagawa dividendi yofanana chaka chilichonse olo kugwe chilala olo kwacha igwe, chifukwa ndalama imeneyo ikuchokera penapake, mwina akukongola kuti atseke pakamwa eni masheya, mwina ngongole zoola akuzibisa m'mabuku kuzilemba ngati zamoyo. Mipata imene ili mu mbiri ya dividendi yathu imagwirizana ndi zaka zimene aliyense mu Chipata anavutika, ndipo zimenezo kwa ine zikutanthauza kuti mabuku akunena zoona.

Koma pali mbali imene madala ali ndi mfundo ndipo ife achinyamata timaithawa. Bodi ikasunga phindu imati musadandaule, ndalama yanu siinatayike, mtengo wa sheya yanu wakula. Chabwino, wakula, nanga ndiigulitsa kwa ndani? Pa LuSE kampani ikasunga phindu mtengo umakwera ndipo ofuna ndalama amagulitsa. Kwathu kuno malamulo a kampani amati ukafuna kugulitsa uyambe wauza eni masheya anzako, bodi ivomereze, ndipo mtengo mumachita kukambirana ngati mukugulana mbuzi, wogula akudziwa kuti uli ndi odwala ku chipatala ndiye akupatsa theka. Kwa ine amene ndikali pa ntchito kudikira zaka zisanu si nkhani. Kwa mdala amene akufuna ndalama ya mankhwala a shuga mwezi uno, mtengo wa sheya wa papepala ulibe ntchito, dividendi ndi njira yokhayo imene kampani imene anaiyambitsa ndi manja ake ingamubwezere kanthu akali moyo. Ndiye tikamakangana pa AGM si kuti ena ndi ozindikira ena ndi osaphunzira ayi, tikungosiyana zaka zimene tatsala nazo.

Ndipo oyambitsa ambiri apita kale. Mlembi wa kampani anatiuza kuti pali dividendi za zaka zingapo zimene zangokhala mu akaunti chifukwa mwini wake anamwalira, ana sadziwa kuti bambo awo anali ndi masheya, kapena akudziwa koma satifiketi inadyedwa ndi chiswe, kapena banja likukanganabe kuti administireta ndi ndani. Ena manambala a foni anasintha, ena akaunti imene analembetsa ndi ya banki imene kulibenso. Ngati kunyumba kwanu kuli sutikesi ya agogo ya mapepala akale, tsegulani muone musanayatsire moto, ndipo pitani ku ofesi ya kampaniyo ndi kalata ya imfa, kalata ya ku khoti yosonyeza administireta ndi NRC yanu, amasintha dzina ndipo zotsalira zonse amakupatsani.

Pa AGM ikubwerayi ife ena talemba pempho la zinthu ziwiri. Choyamba bodi ilembe poyera lamulo la dividendi, kuti chaka chimene phindu lilipo ndipo mpamba wakwana, gawo lakuti lizipita kwa eni masheya, osati chaka chilichonse tizichita kupempha ngati tikupempha chifundo. Chachiwiri maodita azitiuza mtengo wa sheya imodzi malinga ndi mabuku chaka chilichonse, ulembedwe pa tsamba loyamba la lipoti, kuti wamasiye akabwera kudzagulitsa masheya a amuna ake akhale ndi nambala yoyambira m'manja. A cheya amva kale ndipo ati choyambacho nchovuta chifukwa Bank of Zambia ikhoza kusintha zofuna zake nthawi iliyonse, chachiwiricho alibe nacho vuto. Tikufunika anthu okwanira kuti pempholi lilowe pa ajenda, ndiye amene muli ndi masheya a makolo anu ndipo simudzabwera, lembani pulokisi, kalata yoti wina akuvotereni, mupatse munthu amene mumamukhulupirira, fomu ili ku ofesi.